Bondo Lachitsulo la Amayi a ku Swords

Ndinayamba kupita kunyumba ija ku Swords, kuno kudziko la azungu, patangotha sabata ziwiri amayi a m'nyumbamo atachitidwa opaleshoni ya bondo. Ntchito yanga ndi yosamalira okalamba m'makomo mwawo: kuwasambitsa, kuwaveka, kuwakumbutsa mankhwala, kenako kulemba m'buku zimene ndaona. Ndinkanyamuka ku Mulhuddart, kumene ndimakhala, m'mamawa, basi yoyamba n'kukanditula m'tauni, yachiwiri n'kundikwezera kumpoto kumene ndege zimadutsa pamwamba pa madenga. Eyiti koloko inkandipeza ndili pakhomo, nsapato zitanyowa, nkhope itada kale. Ine sindichedwa kupsa mtima, ndipo sindinachedwenso kuona kuti m'nyumba imeneyo ndakumana ndi mnzanga.

Anali amayi a ku India, a zaka 78, aafupi, ochepa thupi moti ndikagwira mkono wawo zala zanga zinkakumana. Mwana wawo wamwamuna, yemwe ankagwira ntchito kubwalo la ndege, ndi amene anawaitanitsa kuno amuna awo atamwalira. Tsiku loyamba anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi, n'kundiuza m'Chingerezi chawo chodukaduka kuti madzi ndatenthetsa kwambiri, thaulo ndapinda molakwika, ndipo tiyi wanga ndi madzi otsukira mbale. Ndinameza mawu. Pobwerera ndinawakalipira chamumtima mpaka m'tauni, pa Parnell Street.

Chimene chinatigwirizanitsa sindinachite kuchikonzekera. Tsiku lachitatu, powapatsa madzi omwera mankhwala, ndinangopezeka ndagwada. Ndi mmene ndinaleredwera. Kwathu ku Dedza supereka chinthu kwa munthu wamkulu uli chilili, azakhali anga akanandikoka khutu. Kuno ndinali nditazisiya, chifukwa azungu okalamba ukawagwadira amaganiza kuti wagwa ndipo amafuna kukuitanira ambulansi. Koma m'mawa umenewo mawondo anangochita okha. Amayi aja analandira kapu ndi manja awiri, n'kundiyang'ana nthawi yaitali.

"Anakuphunzitsa ndani?" anandifunsa.

"Azakhali anga."

"Mpongozi wanga amandipatsa mbale maso ali pafoni," anatero, kenako n'kumwa madziwo.

Kuyambira tsiku limenelo ndinayamba kuwatchula kuti Amayi, iwo n'kumanditchula kuti mwana wanga. Tiyi wanga sanasiye kumunyoza.

Pangodya ya chipinda chawo, pansi penipeni, panali kathabwa. Pakathabwapo panali nyali yamkuwa yaing'ono ngati chikhatho, ndi zithunzi za milungu yawo. Kuyambira ali mtsikana, m'mawa uliwonse ankasamba, n'kukhala pansi atapinda miyendo, n'kuyatsa nyaliyo. Bondo litayamba kudyeka anapirira kwa zaka, mpaka tsiku lina anakanika kudzuka pansipo. Opaleshoni anaivomera pa chifukwa chimodzi chokha, choti abwerere pansi paja. Sankafuna kuyenda maulendo kapena kukagula zinthu okha. Mwana wawo anayesapo kuikweza nyaliyo patebulo kuti aziyatsa atakhala pampando, iwo anakana kudya tsiku lonse mpaka anaibweza. Choncho nyaliyo inkangokhala yozima, iwo akuiyang'ana ali pabedi.

"Iwe ungalankhule ndi apongozi ako aamuna utakhala pampando, miyendo ili lendelende?" anandifunsa tsiku lina.

Ndinati ayi.

"Nanga Mulungu?"

Ine ndine Mkhristu, woimba kwaya ya amayi, ndipo za milungu yawo sindinkalowererapo. Koma zimenezo ndinazimva popanda wondimasulira.

Kuchipatala anawapatsa pepala la zolimbitsa bondo. Panali zithunzi za mayi wamtali wachizungu akudzuka pampando, akukwera masitepe, akulowa m'galimoto. Chithunzi cha munthu wokhala pansi panalibe. Gawo langa linali kuwathandiza kupinda bondolo kakhumi atagona pabedi, n'kulemba m'buku ngati achita, komanso ngati amva kupweteka.

Sabata zoyamba aliyense amamva ululu. Ndasamalirapo azungu angapo a mawondo achitsulo, ndikudziwa. Amatukwana, amaponya mapilo, kenako zimachepa. Koma kwa Amayi sizinkachepa. Bondo likafika pamalo ena popinda, dzanja lawo linkathamangira kumbali kwake, cha kunja, malo amodzimodzi tsiku lililonse, ngati munthu woloza pamene palowa munga. Sankakuwa. Ankaluma nsonga ya nsalu yawo, misozi n'kumatsikira m'makutu.

Tsiku loyamba kuiona misoziyo ndinapita kukatenga buku. Nditakhala kuti ndilembe, anandigwira dzanja.

"Ukulemba chiyani?"

"Kuti likupweteka, Amayi."

"Buku limenelo amawerenga ndani?"

Ndinkadziwa. Linkakhala kukhitchini pamwamba pa firiji, ndipo mpongozi wawo akabwera kuntchito ankaliwerenga asanavule n'komwe jekete. Sanali mkazi woipa ayi. Anali wotopa, wa ana awiri, ntchito yolemetsa ndi nyumba yamasitepe. Koma anali atabweretsa kale timapepala ta nyumba zosungirako okalamba n'kutisiya patebulo, kaya dala kaya mwangozi, sindikudziwa.

"Ukalemba zimenezo anditumiza kumeneko," anatero Amayi. "Komanso adziwa kuti ndalira. Iyeyo adziwa."

Pamaphunziro a ntchito anatiuza mobwerezabwereza kuti tizilemba zimene taona, osati zimene tauzidwa. Mayeso ake ndinakhoza bwino lomwe. Koma ine ndinakula ndikudziwa kuti misozi ya munthu wamkulu siiululidwa. Munthu wamkulu akadziwonongera umachapa nsalu mwakachetechete n'kukayanika kuseri, sukauza mpongozi wake. Wochita zimenezo timati ndi mwana wosaleredwa. Ndinagwira bolopeni n'kulemba m'Chingerezi changa chabwino kuti achita zonse ndipo sakudandaula ululu. Ndinasaina. Ndinamva mumtima kuti ndachita chinthu chaulemu, ndipo ndinanyada nacho.

Popeza sindinkatha kupirira kuwaona akuluma nsalu, tinayamba kuchotsera. Kakhumi kanasanduka kasanu, kasanu n'kusanduka katatu, ndipo katatu komweko tinkalekera pamene ululu ukuyambira. M'malo mwake ndinkawathowa monga timachitira kwathu, thaulo m'madzi otentha, kufinya, kusindikiza pabondo. Iwo anali ndi mafuta awo onunkha ngati mankhwala a chifuwa, amene mwana wawo ankagula ku Moore Street, ndipo ndikamaliza kuthowa ndinkawapaka. Ankapuma bwino, nthawi zina n'kuwodzera. "Mawa," ankatero akuyang'ana nyali ija. "Mawa tipinda kwambiri." M'buku ndinkalemba mawu omwe aja.

Patatha sabata sikisi mwana wawo anapita nawo kuchipatala kukaonedwa. Anavala nsalu yawo yabwino. Ndinamva kuti anadzuka pampando okha dokotala akuona, anayenda ndi ndodo mpaka pakhomo n'kubwerera, ndipo atafunsidwa za ululu anati palibe. Anauzidwa kuti apitirize zapapepala zija, abwere ngati pali vuto. Pambuyo pake achipatala ankangoimba foni, mwana wawo n'kumayankha akuwerenga buku langa.

Ndinauzako munthu mmodzi yekha, mnzanga wa ku Zambia amene tinkakwera limodzi basi yachiwiri. Iyenso ndi wosamalira okalamba, ndipo anayamba ntchitoyi ine ndisanafike kuno.

"Iwe, uli na nzeru?" anatero. "Manje ulemba boza mu care book? Vinthu vikaonongeka, ni signature yako ili paja."

"Asisi, ndi munthu wamkulu. Ndiwayalutse kwa mpongozi wawo?"

"Kuno si ku village, mama. Pain ni pain. Lemba chabe vamene waona."

Ndinakwiya. Ndinamuuza kuti anthu a ku Lusaka ulemu anautaya kalekale, ndipo sabata yonse ndinkakhala mpando wina.

Chisanu chinatha, masiku anayamba kutalika. Bondo silinatupe modetsa nkhawa, koma linkauma pang'onopang'ono. Linkapinda pokwanira mpando, osapitirira pamenepo. Ndinkaona ndi maso angawa kuti mwezi uno likupinda mochepera mwezi watha, koma ndinkadziuza kuti ndi ukalamba, kuti likuchira mwa nthawi yake. Kubwerera m'mbuyo kunali kutavuta. Ukalemba masamba makumi angapo kuti zonse zili bwino, uyamba bwanji tsamba latsopano? Amayi anasiya kunena kuti mawa. Anayamba kukalipira chilichonse, makatani, mvula, phokoso la ndege, mpaka kapumidwe kanga.

M'mwezi wachisanu ndi chiwiri, m'mawa wina, ndinawapeza atadzipukuta kale okha, atavala nsalu yoyera. Linali tsiku lokumbukira imfa ya amuna awo.

"Lero ndikhala pansi," anatero. "Undigwire."

Ndinakana. Ananditcha waulesi. Ndinawauza kuti ndi nkhalamba youma mutu, ndipo tinakangana monga amakanganirana mayi ndi mwana wake, aliyense akulankhula pamwamba pa mnzake. Kenako anangotembenuka n'kuyamba kutsika okha, atagwira m'mphepete mwa bedi. Ndinalibe kuchitira mwina, ndinawakumbatira chakumbuyo. Bondo labwino linapinda. Lachitsulo linafika pamalo paja n'kuima. Anakakamiza ndi thupi lawo lonse, ndipo anakuwa. Kukuwa koteroko sindinakumvepo kwa munthu wamkulu. Tinagwera limodzi pakapeti, mwendo wawo uli patsogolo, wouma ngati mpini. Nyali inali pafupi moti akanatambasula dzanja akanaikhudza, koma sanaiyang'ane n'komwe.

Mpongozi wawo anali asananyamuke tsiku limenelo. Anakwera masitepe akuthamanga n'kutipeza tili pansi tonse awiri.

Munthu akagwa sitimudzutsa tokha, timaitana ambulansi, ndipo ndinatero. Fupa silinathyoke. Koma achipatala ataona mmene bondolo linaumira anawatumiza kwa dokotala wina wa mawondo, ndipo tsiku lake litafika mwana wawo anandipempha kuti ndipite nawo, nditenge mabuku. Anali atakwana awiri.

Dokotalayo anali mayi wa msinkhu wanga, wobadwira kuno koma makolo ake a ku India. Sanafunse ngati likupweteka. Anagwira bondolo n'kusindikiza ndi chala chachikulu kumbali, cha kunja, ndipo Amayi anadzidzimuka mpaka ndodo inagwa. Kenako anatitembenuzira kompyuta kuti tione chithunzi chimene anawajambula.

"Chitsulo ichi chimavala kumapeto kwa fupa la ntchafu ngati chipewa," anatero. "Kuchokera kutsogolo kukafika kumbuyo chinakwana bwino. Koma taonani m'mbalimu."

Anatilozera kamlomo ka chitsulo kotulukira kunja kwa fupa. Kanali kakang'ono ngati nsonga ya chikhadabo. Ndinayembekezera chinthu chachikulu, choopsa, koma kanali kameneko basi.

"Fupa lawo ndi lopapatiza," anapitiriza. "Zitsulo zambiri za mtundu uwu anazipanga poyeza mafupa a azungu. Anthu ambiri ochokera kwathu, makamaka amayi, mafupa awo ndi aang'ono ndipo anaumbika mosiyanako. Ambiri zimawakwana ndithu, amayenda bwinobwino. Koma ena chitsulo chimatsalira chonchi, ndiye akamapinda, minofu imakhulika pamenepa."

Mwana wawo anafunsa ngati zingakonzeke. Dokotala anatenga buku loyamba n'kuyamba kutsegula masamba. Anamaliza, anatenga lachiwiri. M'chipindamo munkangomveka mapepala.

"Muno mwalembedwa kuti sanadandaulepo ululu," anatero. "Tsiku lililonse, miyezi seveni."

Anayang'ana siginecha, kenako anandiyang'ana ine. Sanakalipe. Akanakalipa ndikanapeza poyankhira, pakuti pokangana ndine katswiri. Anangofotokoza modekha kuti akanadziwa m'miyezi yoyambirira akanawajambulanso, akanawapatsa zochepetsa ululu kuti azitha kupinda, mwinanso akanawagoneka n'kulipinda bondolo minofu isanaume. Tsopano inali itauma. Chotsala chinali kuchotsa chitsulocho n'kuika china, opaleshoni yaikulu kuposa yoyamba, ndipo poona mtima wawo ndi zaka zawo iye sakanawalangiza kutero. Ngakhale akanachita, zokhala pansi sakanalonjeza.

Kenako anatembenukira kwa Amayi. "Amayi, opaleshoni isanachitike, alipo amene anakufunsani ngati mumakhala pansi?"

Anapukusa mutu.

"Inu munawauza?"

"Dokotala sauzidwa ntchito yake," anatero Amayi.

Titatuluka, mwana wawo anaimitsa njinga ya odwala imene ankawakankhira n'kundiyang'ana. Ndi munthu wofatsa, sindinamumvepo akukweza mawu, ndipo ngakhale tsiku limenelo sanakweze.

"Chifukwa chiyani?" anandifunsa.

"Ndinamuuza ndine," anatero Amayi.

"Amma, inu ndinu odwala. Iye anabwera kudzakhala maso athu."

Ndinkafuna kumuuza za timapepala ta patebulo, za mkazi wake, za azakhali anga. Chimene chinatuluka n'choti, "Ndinkawasungira ulemu." Mawuwo atangotuluka ndinamva ndekha kupusa kwake. Manyazi anandigwira mpaka m'mafupa, ndipo ndinabwerera pabasi ndekha, mabuku awiri aja ali m'manja mwa mwana wawo.

Kuofesi anandiitana, anandichotsa panyumba ija, anandipatsa kalata yondichenjeza, n'kunditumizanso kumaphunziro omwe aja amene ndinakhoza. Ntchito sinathe. Mnzanga wa ku Zambia sanandiseke, anangondisunthira pampando kuti ndikhale naye. Zonsezo ndinazilandira, zinali zondiyenera. Chimene sindinathe kuchilandira ndi chimene ndinamva patatha miyezi iwiri, kuti chifukwa cha kugwa kuja ndi masitepe aja, Amayi anawapititsa kunyumba yosungirako okalamba. Kumalo komwe kuja kumene tinkathawa tonse awiri.

Ndinazengereza sabata zingapo. Lamlungu lina nditatuluka m'tchalitchi ndinalimba mtima n'kukwera basi, ndidakali mu yunifolomu ya kwaya. Nyumbayo ili kupitirira Swords pang'ono, yaukhondo, yofunda, yonunkhira supu. Ndinawapeza atakhala pampando wautali pafupi ndi windo, mwendo uja atausanjika pakampando. Anali atachepa kuposa kale. Sanadandaule kuti ndachedwa, sananyoze nsapato zanga, ndipo zimenezo zinandiopsa.

Kumeneko moto wa lawi ndi woletsedwa. Nyali yamkuwa inatsala kunyumba, ndipo mwana wawo anawagulira ina yapulasitiki, ya mabatire, imene ukaiyatsa imaphethira ngati lawi lenileni. Inali pamwamba pa kabati ya pambali pa bedi, pafupi ndi jagi ya madzi, zithunzi zija zitatsamira khoma.

"Amayi, ndikhululukireni," ndinatero.

"Tiyi wa kuno ndi woipa kuposa wako," anayankha.

Kenako analoza kabati ndi chibwano.

"Itsitse."

Ndinatenga nyaliyo ndi zithunzi, ndinagwada pangodya, ndinazikonza pansi monga zinkakhalira pakathabwa paja, n'kudina batani. Amayi anaweramitsa mutu mpaka pamene msana unawalola, anaphatikiza manja, milomo n'kuyamba kugwedera. Anali adakali pamwamba, pampando wawo wautali, koma maso anali pansi. Ine ndinakhalabe chogwada, chifukwa kuimirira pamenepo kukanakhala mwano. Mwina panadutsa mphindi zitatu.

Chitseko chinatseguka. Analowa mayi wachizungu wa imvi, wogwira ntchito yomweyi ndimagwira ine, atanyamula faelo. Anamwetulira mokoma mtima.

"Aa, pepani wokondedwa, izi pansi ayi. Wina apunthwa nazo."

Anawerama mosavuta, anatola nyali ndi zithunzi, anazibweza pakabati, n'kuzimitsa nyaliyo kuti mabatire asathe. Sanalakwe chilichonse. Inenso m'nyumba ya mzungu ndikanachita chimodzimodzi. Kenako anatsegula faelo yake.

"Lero pali pamene pakupweteka?"

"Palibe," anatero Amayi.

Mayiyo anaika bolopeni papepala. Amayi anandiyang'ana ndi diso lomwe lija la tsiku limene anandigwira dzanja. Ndinali ndidakali pansi, mawondo anga awiri abwinobwino atapinda popanda vuto lililonse.

"Likupweteka," ndinatero. "Bondo lamanja, kumbali, cha kunja. Tsiku lililonse. Amaluma nsalu kuti musamve. Lembani choncho."

Mayiyo analemba, anathokoza, anati auza nesi, n'kutuluka.

Amayi anatembenuzira nkhope kuwindo. Ndinawaitana kawiri. Ndinatsanzika ndili chogwada, monga anandiphunzitsira azakhali anga, koma sanayankhe ndipo sananditchulenso kuti mwana wanga. Ndinadzuka. Pofika pakhomo ndinacheuka, iwo anali akuyang'anabe panja. Nyali inali pamwamba pa kabati, pafupi ndi jagi ya madzi, yozima.